Madontho a Inki Oyesera Khalidwe la Munthu

Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mawu amenewa ndi oona ku Nsanje monga ali oona ku Chitipa, ndipo adali oonanso ku Ulaya zaka zana zapitazo, pamene madokotala ankafunafuna bwato lowolokera kutsidyako. Thupi likatentha, choyezera chilipo. Magazi akachepa, choyezera chiliponso. Nanga khalidwe la munthu, kupsa mtima kwake, mantha ake ndi nkhanza zimene wabisa, angaziyeze ndi chiyani? Nkhani ya lero, omvera, ndi ya dokotala wina wa ku Switzerland amene adayesa kuyankha funso limeneli ndi madontho a inki.

Funsoli ndi lakale. Dokotala wa Chigiriki, Galen, ankaphunzitsa kuti khalidwe limachokera ku timadzi tinayi ta m'thupi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Womchulukira ndulu yachikasu ankati ndiye waukali, ndipo wa ndulu yakuda ndiye wokhala ndwii. Ganizo limeneli lidakhala zaka zoposa 1,000 lisanatayidwe. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, Robert Woodworth wa ku America adakonza mafunso 116 oyankha kuti inde kapena iyayi, ofuna kudziwiratu asilikali amene mitu yawo ingasokonezeke ndi kulira kwa mizinga. Koma njira ya mafunso ili ndi chilema chake. Wofunsidwa atha kunama, ndipo nthawi zina sadzidziwa yekha.

Hermann Rorschach adabadwira mu mzinda wa Zurich m'chaka cha 1884, nakulira ku Schaffhausen kumene bambo wake ankaphunzitsa kujambula. Masiku amenewo ana ankakonda masewera odontheza inki papepala, nkulipinda pakati, kenaka nkulitambasula kuti aone chimene chatuluka, kaya mbalame kaya chilombo. Kusukulu anzake a Rorschach ankamutcha "Klex", ndiye kuti dontho la inki. Mnyamatayo adavutika posankha pakati pa luso lojambula ndi sayansi, koma potsiriza adaphunzira udokotala. Mmodzi mwa aphunzitsi ake adali Eugen Bleuler, munthu amene adapereka dzina lakuti schizophrenia ku nthenda ija imene imasokoneza maganizo mpaka wodwala nkumamva mawu a anthu amene palibe.

Mu 1915 Rorschach adayamba ntchito pa chipatala cha odwala misala cha ku Herisau, ndipo kumeneko ndiko adakonzera makhadi ake. Alipo 10. Asanu ndi a inki yakuda ndi yotuwa, awiri ali ndi yakuda ndi yofiira, ndipo atatu otsiriza ali ndi mitundu yambiri yowala. Dokotala amapereka khadi limodzi kwa munthu namfunsa kuti chimenechi chingakhale chiyani. Palibe yankho lokhoza, palibenso lolakwa. Wina amaona mleme, wina gulugufe, wina anthu awiri ataweramira mphika.

Ambiri amaganiza kuti dokotalayo ankamasulira mayankho monga m'mene ena amamasulirira maloto, kuti woona mpeni ndiye wakupha. Sizinali choncho ayi. Chimene Rorschach ankasamala kwenikweni sichinali chinthu chimene munthu waona, koma m'mene wachionera. Kodi wayang'ana dontho lonse, kapena kachigawo kakang'ono m'mphepete? Kodi chimene watchulacho chikufanana ndi maonekedwe a donthowo, kapena ndi chinthu chimene wina aliyense sangachione pamenepo? Kodi wakopeka ndi mtundu wa inki, kapena waona ngati zinthu zikuyenda, zikuvina, zikulimbana? Iye adakhulupirira kuti woona kuyenda pa chithunzi chosayenda ndi munthu wokhalira m'kati mwa maganizo ake, pamene wothamangira mitundu ndi munthu wotengeka msanga ndi zochitika kunja kwake.

Atayesa odwala 288 ndi anthu abwinobwino 117, adalemba buku lotchedwa Psychodiagnostik. Osindikiza angapo adalikana, koma lidatuluka mu 1921 ku Bern, ndipo ogula adali ochepa. Mwini wake adanenetsa m'bukumo kuti zimene wapezazo nzongoyambira chabe, zofunika kuziyesanso. Mpata woziyesanso sadaupeze. Pa 2 Epulo 1922 adamwalira ali ndi zaka 37, kathumba ka m'matumbo katamphulikira m'mimba.

Makhadi aja adawoloka nyanja opanda mwini wake. Ku America akatswiri monga Samuel Beck ndi Bruno Klopfer adawatchukitsa, yense ndi njira yake yowerengera mayankho, ndipo ambiri adayamba kuwayesa galasi loonera zonse za mumtima.

Tsono kudadza chaka cha 1945. Nkhondo Yachiwiri itatha, atsogoleri a chipani cha Nazi adatsekeredwa m'ndende ya ku Nuremberg, ku Germany, kudikira mlandu. Dziko lonse linkafunsa kuti anthu opha Ayuda mamiliyoni asanu ndi limodzi adali anthu otani. Kodi adali amisala? Amuna awiri a gulu la nkhondo la America, dokotala Douglas Kelley ndi katswiri wa za maganizo Gustave Gilbert, adalowa m'zipinda za akaidiwo ndi makhadi a Rorschach. Pakati pa oyesedwawo padali Hermann Göring, wachiwiri kwa Hitler, munthu wanthabwala ndi wonyada, amene adakondwera nawo mayesowo.

Awiriwa adayesa akaidi a m'ndende imodzi ndi makhadi omwewo, koma adatuluka ndi mayankho otsutsana. Gilbert, mwana wa makolo Achiyuda ochokera ku Austria, adaona kudwala kwa mtima mwa akaidiwo. Adasimba kuti Göring atafika pa khadi lina lokhala ndi banga lofiira adalikwatula ndi chala ngati akufuna kulichotsa, ndipo Gilbert adamuuza pambuyo pake kuti ndimo m'mene ankayesera kufufuta magazi pa mlandu wonse. Kumasulira kotere nkokoma kukumva, komatu nkwa munthu amene ankadziwa kale zimene Göring adachita. Kelley adanena mawu owawa kuposa amenewa. Iye adati akaidiwo sadali amisala, sadalinso a mtundu wapadera, ndipo anthu onga iwo angapezeke m'dziko lililonse, ngakhale ku America komweko, atakhala m'maofesi aakulu. Anthu ongochoka kumene pa nkhondo sadafune kumva zimenezo.

Göring adamwa chiphe pa 15 Okutobala 1946, usiku woti anyongedwe. Pa 1 Januwale 1958 Kelley nayenso adadzipha kunyumba kwake ku California, ndi chiphe cha mtundu womwewo.

Mapepala a mayankho aja adakhala zaka zambiri osasindikizidwa. Mu 1947 mayi wina katswiri, Molly Harrower, adawatumiza kwa odziwa bwino makhadiwo kuti alembepo maganizo awo, koma onse adazemba, wina ndi chifukwa ichi, wina ndi icho. Mu 1975 Florence Miale ndi Michael Selzer adatulutsa buku lonena kuti mayankhowo akuonetsa poyera matenda a maganizo, koma iwonso adawawerenga akudziwa eni ake. Apa Harrower adachita chinthu chapafupi chimene chidayenera kuchitika kale. Adafufuta mayina, nasakaniza mayankho a anthu a Nazi ndi a anthu ena, kuphatikizapo abusa a mipingo ndi odwala, nawapereka kwa akatswiri. Akatswiriwo adalephera kuloza kuti a Nazi ndi awa. Zotsatirazo adazifalitsa mu 1976.

Mkangano wa makhadiwo sudathere pamenepo, pakuti ankagwiritsidwa ntchito m'mabwalo a milandu, ngakhale pogamula kuti mwana akhale ndi kholo liti banja likatha. Mu 1974 John Exner adayamba kufalitsa njira imodzi yowerengera mayankho, kuti madokotala awiri asamatuluke ndi ziweruzo ziwiri pa munthu mmodzi. Komabe mu 2003 James Wood ndi anzake adalemba buku losonyeza kuti njira imeneyo imaonetsa anthu ambiri abwinobwino ngati odwala. Taganizani za mayi wopanda nthenda iliyonse amene angalandidwe mwana chifukwa cha zimene waona pa banga la inki.

Mu 2013 Joni Mihura ndi anzake adasanthula kafukufuku wa zaka zambiri, kuyang'ana muyeso uliwonse paokha. Miyeso yambiri idapezeka yopanda umboni wokwanira. Imene idaima nji ndi yoona ngati maganizo a munthu akuyenda mwadongosolo, ndiponso ngati akuona zinthu monga anthu ena azionera, zomwe Rorschach ankafufuza pakati pa odwala ake ku Herisau.