Madzi Amayambira Papepala

Ambiri amati madzi a mu Blantyre amachokera ku Walker's Ferry, kumene akhala akupopedwa mumtsinje wa Shire kuyambira 1963. Ife ogwira ntchito m'boma timati amayambira papepala. Paipi isanakwiriridwe, makontilakitala amapikisana potumiza mitengo yawo m'maenivelopu omata. Lamulo la 2003 lidakhazikitsa ofesi yoyang'anira mipikisano yotereyi, ndipo la 2017 lidabweretsa bungwe la PPDA. Komabe wobwereketsa ndalama naye ali ndi mawu: madzi a ku Likhubula, ku Mulanje, adafika mu 2019 ndi ngongole ya dziko la India, kontilakitala wakenso wa komweko. Tisaiwale kuti enivelopu ikasankhidwa mokondera, wovutika ndi mayi wa ku Ndirande, wolawira m'mbandakucha kukadikira pampope wouma.