Moto ukachedwa: mbiri ya distributa pa msewu wa Lundazi

Masiku ano motoka ikayamba kuvuta, timathamangira kwa munthu amene ali ndi kakompyuta koti ailumikize ndi kuwerenga vuto. Koma kwa zaka zambiri motoka za petulo zimene zinkayenda makilomita pafupifupi 180 pakati pa Chipata ndi Lundazi zinkadalira kachipangizo kamodzi kotchedwa distributa, ndiponso khutu la makanika.

Nzeru yake inachokera kutali. Charles Kettering wa kampani ya Delco mumzinda wa Dayton ku America ndi amene anakonza njira yoyatsira petulo pogwiritsa ntchito batire, koilo ndi mapointi, ndipo kampani ya Cadillac inayamba kuiika m'motoka zake mu 1910. Njirayi inalamulira kwa zaka zoposa 60. Kwathu kuno inabwera ndi motoka monga Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948 ndipo inali ndi distributa ya Lucas ya ku Birmingham. Pambuyo pake kunabwera Peugeot 404 ndi 504, Datsun, komanso Fiat zimene kampani ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza ziwalo zake kuno ku Zambia cha m'ma 1970.

Ntchito ya distributa ndi kugawa moto. Imazungulira kamodzi injini ikazungulira kawiri, ndipo mapointi akatseguka, koilo imatulutsa magetsi amphamvu amene rota imapereka ku pulagi yoyenera. Pa injini zambiri za masilinda anayi, moto umatsata dongosolo la 1-3-4-2. Nkhani yagona pa nthawi. Petulo siyaka yonse kamodzin'kamodzi, choncho moto uyenera kufika pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Moto ukafulumira kwambiri, injini imalira ngati mwaponyamo timiyala, makamaka pokwera chitunda, ndipo pisitoni ikhoza kuboka. Ukachedwa, motoka imafooka, imatentha, n'kumamwa petulo ngati chidakwa cha pa maliro.

Injini ikathamanga, moto uyenera kufulumirako. M'kati mwa distributa muli tizitsulo tiwiri tomangidwa ndi masipulingi, timene timatambasuka liwiro likakwera n'kusuntha nthawi ya moto. Kunja kuli kachitini kolumikizidwa ndi kapaipi ku kabureta, kamene kamawonjezera kufulumirako pamene dalaivala sakuponda kwambiri. Kapaipi kameneka kakang'ambika, motoka imayendabe, koma thumba la mwini wake ndi limene limalira.

N'chifukwa chiyani luso limeneli linakula kwambiri kumadera ngati kwathu ku Mphamba? Yankho lili m'mbiri ya dziko lathu. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia pa 11 November 1965, njira ya mafuta ya kum'mwera inatsekeka, petulo n'kuyamba kugulitsidwa mochita kupima. Paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam inafika ku Ndola mu 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973. Tisanapume, mtengo wa mafuta padziko lonse unakwera chaka chomwecho, ndipo pofika 1975 mtengo wa kopa unali utagwa. Ndalama zakunja zinasowa, masipea nawo n'kusowa. Ngati mu Lusaka munthu ankavutika kupeza mapointi atsopano, nanga kuno kumapeto kwa msewu?

Apa m'pamene amakanika athu anaonetsa kuti umphawi suletsa nzeru. Mapointi akapsa, sankawataya. Ankawapala ndi kafayilo kapena sandipepa, n'kusiya mpata wa pafupifupi 0.4 mm. Amene analibe chopimira ankayerekeza ndi kachidutswa ka katoni ya fodya. Pofuna kuika taimingi, ankazungulitsa injini ndi dzanja mpaka chizindikiro cha pa pule chitalunjika pa malo ake, kenako n'kupotoza distributa pang'onopang'ono mpaka kababu koyesera katayaka. Ena ankapanikiza kapepala kopyapyala pakati pa mapointi: kakangomasuka, ndiye kuti mapointi ayamba kutseguka. Mayeso omaliza anali pamsewu. Ankakweza giya yapamwamba, kuponda mafuta pa chitunda, n'kutchera khutu. Akamva kulira kwa timiyala kuja, ankabweza distributa pang'ono. Motoka yokonzedwa motere ndi imene inkafikitsa wodwala kuchipatala ndi thonje kumsika.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1991, boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda. Motoka zakale za ku Japan zinayamba kulowa zambirimbiri, ndipo fakitale ya ku Livingstone sinapirire mpikisanowo. Toyota Corolla za injini ya 4A-FE ndi 5A-FE zinabwera zili ndi distributa, koma yopanda mapointi. Pa zimenezi makanika amalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, n'kuika moto pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Motoka zatsopano zilibiretu distributa: pulagi iliyonse ili ndi koilo yake, ndipo kompyuta ndi imene imasankha nthawi.

Komabe kompyutayo ikuchita ntchito yomwe ija ya tizitsulo tiwiri ndi kachitini. Mnyamata amene akudziwa chifukwa chake moto uyenera kufulumira injini ikathamanga, sangakugulitseni masensa atatu pamene vuto ndi waya umodzi. Amene amangowerenga nambala pa kakompyuta amatha ndalama za kasitomala mwa kungoyesayesa.

Amadala amene ankaika taimingi ndi khutu atsala ochepa, ndipo zimene amadziwa sizinalembedwe m'buku lililonse. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati pali mmodzi pa garaji ya kwanuko, mugulireni chakumwa, mutsegule boneti ya Land Rover yakale ija, mum'pemphe akuonetseni. Mutenge ndi foni yojambulira mawu.