Za Madzi a Mchere ndi Shuga pa Msasa wa Bangaon

Ambiri a inu owerenga munaonapo mayi alikusungunula kapaketi ka Thanzi m'madzi owiritsa, namwetsa mwana wake wotsegula m'mimba. Ndipo chinthuchi tachizolowera kotero kuti sitifunsanso kumene chinachokera. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani mbiri yake, pakuti mankhwala awa anayesedwa m'matope, pakati pa anthu othawa nkhondo, ndi dotolo amene mankhwala ake ena onse adamthera.

Tiyambe ndi nthenda ya kolera, chifukwa ndiyo inaphunzitsa madotolo zonsezi. Munthu wogwidwa nayo atsegula m'mimba madzi otuwa onga otsukira mpunga, nasanzanso, ndipo wodwala kwambiri akhoza kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi. Maso ake alowa m'kati, khungu la zala lichita makwinya monga la munthu amene watandala kuchapa kumtsinje, mawu athera pakhosi. Ndipo iye amene anapita kumunda m'mawa ali wamphamvu, usiku womwewo anthu amlira. Chomupha ndiko kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi.

Izi zinadziwika kale ndithu. M'chaka cha 1831, kolera itafika ku Mangalande, dotolo wachinyamata dzina lake William O'Shaughnessy anapima mwazi wa odwala, napeza kuti wasowa madzi ndi mchere. Chaka chotsatira Thomas Latta, dotolo wa ku Leith m'dziko la Scotland, analimba mtima nathira madzi a mchere m'mtsempha wa nkhalamba ina yaikazi imene inali pafupi kutsirizika. Nkhalambayo inatsitsimuka, niyamba kulankhula. Koma dotolo atapita kukapumula, nthenda inabweranso, ndipo inamwalira. Latta mwini anafa m'chaka cha 1833, ndipo njira yake inaiwalika zaka zambiri, kufikira ena anaikonza nikhala diripi imene tiidziwa lero.

Diripi ichiritsa ndithu, koma ifuna zambiri: madzi oyeretsedwa opanda kachirombo kalikonse, mabotolo olemera onyamula pa galimoto, singano, ndi munthu wophunzira wodziwa kupeza mtsempha pa mkono wouma. Wodwala mmodzi wamkulu akhoza kutha mabotolo khumi kapena kuposa. Nanga kumudzi kumene kulibe msewu? Wina adzafunsa, bwanji osangommwetsa madzi a mcherewo? Anayesa, koma matumbo a wodwala kolera salandira bwino mchere uli wokha, ndipo madziwo angopyola.

Chinsinsi chake anachiulula munthu amene sanali kusamala za kolera konse. M'chaka cha 1960 Robert Crane, wofufuza wa ku America, anafotokoza kuti m'matumbo muli timakomo timene shuga wotchedwa gulukosi alowera pamodzi ndi mchere, onse awiri atagwirana, monga machila sayenda ndi munthu mmodzi. Ndipo kumene mchere walowa, madzi atsata. Pambuyo pake madotolo a ku Dhaka ndi ku Calcutta anaona kuti kolera siitseka timakomo timeneti. Koma poyamba zinavuta. Ku Manila m'chaka cha 1962, anthu a Robert Phillips, dotolo wa asilikali a pamadzi a ku America, anamwetsa odwala 30 madzi ochuluka mchere pamodzi ndi diripi, ndipo 5 anamwalira; Phillips anachita mantha, naleka njirayo. M'chaka cha 1968 madotolo awiri achinyamata, David Nalin ndi Richard Cash, anayesanso ku Dhaka ndi muyeso wabwino, akuyesa madzi otuluka mwa wodwala ndi kumbwezera omwewo pakamwa. Ndipo anapeza kuti diripi yofunika inachepa kwambiri. Komabe akuluakulu a zachipatala anati njirayi ikhale m'manja mwa madotolo ndi anamwino okha. Sitiwadzudzula msanga, pakuti imfa za ku Manila zinali zisanaiwalike.

Tsono m'mwezi wa Marichi 1971 kunabuka nkhondo m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa East Pakistan, limene lero ndi Bangladesh. Anthu pafupifupi 10 miliyoni anathawira ku India, ambiri akuyenda pansi, nakhala m'misasa ya m'malire. Mvula ya kumeneko iyamba mu Juni, pamene kwathu kuno tili kuwotha moto chifukwa cha chisanu. Ndipo mvula itagwa, zimbudzi zinasefukira m'madzi akumwa, kolera nibuka. Mwa odwala 100 alionse, ngati 30 analikufa.

Kumeneko kunapita Dilip Mahalanabis, dotolo wa ana, wobadwa m'chaka cha 1934, amene analikugwira ntchito ya kafukufuku pa nyumba ya Johns Hopkins ku Calcutta. Iye ndi anzake owerengeka anafika ku Bangaon, mudzi wa pamalire, kumene kunasonkhana othawa nkhondo ngati 350,000. Malo amene anapatsidwa pa chipatala anali a makama 16 okha. Odwala anagona pansi mothithikana, kotero kuti wofuna kuwathandiza anayenera kugwada m'matope ndi m'zonyansa zawo. Anthu ake odziwa kuika diripi anali awiri okha, ndipo mabotolo analikutha, osadziwika tsiku lofika ena. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene chinali pamphuno pa dotoloyo ndicho mchere, shuga, soda, ndi khamu la abale a odwala amene analikungoima ndi kuyang'ana.

Pomwepo anachita chimene akuluakulu adakaniza. Anzake otsala ku Calcutta anasandutsa chipinda cha mabuku kukhala mopimira mankhwala, namanga timatumba pa muyeso uwu: pa lita imodzi ya madzi, magalamu 22 a gulukosi, magalamu 3.5 a mchere wa pandiwo, ndi magalamu 2.5 a soda. Ku msasa anasungunula zimenezi m'migolo, naiika poyera, napatsa abale a odwala makapu, nawauza kuti amwetse wodwala pang'ono pang'ono kosaleka, akasanza, ammwetsenso, ludzu lake ndilo likhale muyeso. Diripi yochepa imene inalipo anaisungira iwo okha amene anafika atakomoka, osatha kumeza. Ndipo atangotsitsimuka, singano inazulidwa kupita kwa wina, iwo nalandira kapu. Chotero mayi wosadziwa kuwerenga, mlongo, ngakhale mwana wosinkhuka, anagwira ntchito imene kale inali ya namwino.

Apa pali chinthu chimene ife tichiyesa chachikulu m'mbiri yonseyi, ngakhale sichimveka chokoma pochisimba. M'kati mwa chipwirikiti chotere, anthu akufa pakhomo, dotoloyo ndi anzake sanaleke kulemba. Analemba olowa, analemba ochira, analemba akufa. Munthu wachifundo akadanena kuti kulemba nkutaya nthawi pamene anthu alikufuna madzi. Koma popanda mabuku amenewo, ntchito ya ku Bangaon ikadakhala nthano chabe yosimba okalamba, ndipo madotolo a maiko ena akadati zinangochitika mwamwayi. Kuyambira kumapeto a Juni kufikira kumapeto a Ogasiti anathandiza odwala oposa 3,700. Ndipo powerengera anapeza kuti mwa 1,000 alionse anamwalira 36, pamene kale akadafa ngati 300.

Ngakhale zinatero, dziko silinakhulupirire msanga. Zolemba zake zinasindikizidwa m'chaka cha 1973, ndipo ambiri anakayikabe, poganiza kuti mankhwala otsika mtengo chotere ndi a amphawi osowa pogwira, osati mankhwala enieni. Chinathandiza nchakuti Dhiman Barua, dotolo wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO, adafika ku Bangaon naona ndi maso ake; ndipo iye analimbikira kufikira bungwelo linayamba ntchito yofalitsa madziwa m'maiko onse m'chaka cha 1978. Ku Bangladesh komweko, bungwe la BRAC linatuma akazi kuyenda khomo ndi khomo kuyambira 1980 kufikira 1990, naphunzitsa amayi a m'nyumba zoposa 12 miliyoni kusakaniza mchere wotapa ndi zala zitatu ndi shuga wa nzimbe wodzaza chikhatho m'theka la lita ya madzi. Cha m'ma 1980 ana aang'ono oposa 4 miliyoni analikufa chaka ndi chaka ndi kutsegula m'mimba; lero chiwerengerocho chatsika kufika pa theka la miliyoni kapena kucheperapo, ngakhale madzi abwino, katemera ndi kadyedwe zathandizaponso. Muyeso wa m'mapaketi unasinthidwa m'chaka cha 2002, mchere ndi shuga nizichepetsedwa pang'ono, kafukufuku wina ataonetsa kuti potero ana sasanza kwambiri.

Dotolo Mahalanabis anamwalira ku Calcutta, mzinda umene tsopano utchedwa Kolkata, pa 16 Okutobala 2022, ali ndi zaka 87. Masiku omwewo kolera inalikufalikira m'Malawi muno: mliri uja unayambira ku Machinga mu Marichi chaka chomwecho, madzi osefukira atangophwera, umene unatenga miyoyo yoposa 1,700. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi m'makwalala a Blantyre ndi Lilongwe, anthu odzipereka anakhala pansi pa mahema ndi zidebe za madzi a mchere ndi shuga, makapu ali pambali, akumwetsa odwala ndi kutumiza ofooka kwambiri kuchipatala.