MMENE UBONGO WA KHOSWE UMALAMULIRA KUTULUKA KWA MKAKA

Khoswe wamkazi amakhala ndi pakati kwa milungu itatu, ndipo amayamwitsa ana ake kwa milungu inanso itatu. Ali ndi mawere 12. Ana ake amatha kukhala nthawi yaitali atakakamira ku mawerewo, koma mbali yaikulu ya nthawiyo samapeza kanthu. Mkaka umabwera mwadzidzidzi pakapita mphindi zingapo, anawo onse n'kuwongola miyendo ndi misana nthawi imodzi pomeza, kenaka umalekanso. Cimene cimalamula kuti mkakawo utuluke ndi ubongo wa make, osati mphamvu ya kuyamwa kwa ana.

Pali mahomoni awiri amene amagwira nchito imeneyi. Yoyamba ndi prolactin, imene imacititsa kuti mkaka upangidwe. Nthawi zambiri ubongo umaitsekereza ndi mankhwala ochedwa dopamine, koma ana akayamba kuyamwa dopamine imacepa ndipo prolactin imaculuka. Yaciwiri ndi oxytocin, imene imatulutsa mkaka wopangidwa kale. Mkaka umasungidwa m'timatumba ting'onoting'ono ta m'bere, tozingidwa ndi maselo otha kufinya. Oxytocin ikafika kudzera m'magazi, maselowo amafinya timatumbato ndi kukankhira mkaka ku nsonga ya bere.

Oxytocin imapangidwa m'cigawo ca ubongo cochedwa hypothalamus, ndipo imasungidwa m'kaciwalo ka kunsi kwa ubongo kochedwa pituitary. Ana akamayamwa, uthenga umacoka ku nsonga za mawere, kudutsa m'mitsempha ya mu msana, mpaka kukafika ku maselo opanga oxytocin.

Mu 1973, akatswiri awiri a pa yunivesiti ya Bristol ku Britain, a Jonathan Wakerley ndi a Dennis Lincoln, anapima mphamvu ya magetsi ya maselo amenewa mwa makoswe oyamwitsa. Anapeza kuti ngakhale ana amayamwa mosalekeza, maselowo amakhala pafupifupi cete kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo. Kenaka onse pamodzi amatumiza mauthenga mothamanga kwambiri kwa masekondi awiri kapena anayi cabe. Pamenepo oxytocin yambiri imathiridwa m'magazi nthawi imodzi, ndipo pakapita masekondi 10 mpaka 15 mkaka umatuluka. Bere limafinya bwino oxytocin ikabwera yambiri mwakamodzi. Ikamabwera pang'onopang'ono mosalekeza, mphamvu yake imacepa.

Funso lotsatira linali lakuti maselo zikwi zingapo amagwirizana bwanji kuti ayambe pa nthawi imodzi. M'zaka za m'ma 1980, ofufuza a ku Strasbourg m'dziko la France anaonetsa kuti maselowa amatulutsanso oxytocin mkati mwa ubongo momwemo, ndipo oxytocin imeneyo imadzutsa maselo anzao kuti atulutse ina yoonjezera. Ataika oxytocin mu ubongo wa khoswe woyamwitsa, mkaka unayamba kutuluka pafupipafupi. Ataikamo mankhwala otsekereza oxytocin, kutulukako kunacepa kwambiri kapena kulekeratu.

Mankhwala ena a mu ubongo amathandizira kapena kuletsa. Glutamate ndi noradrenaline zimadzutsa maselowo, pamene GABA kawirikawiri imawabweza kuti asapitirire muyeso. Mankhwala a mtundu wa morphine amatsekereza oxytocin kulowa m'magazi. Zinapezekanso kuti khoswe amatulutsa mkaka pamene wagona mwabata ndipo akuodzera. Akadzidzimutsidwa, mkaka umaima ngakhale ana apitirize kuyamwa.

Umboni wina wamphamvu unapezeka mu 1996 ku America, pamene ofufuza anabereketsa mbewa zosatha kupanga oxytocin. Mbewazo zinabereka bwinobwino ndipo mawere ake anali ndi mkaka, koma ana anafa ndi njala cifukwa mkakawo sunali kutuluka. Zitabayidwa jekeseni wa oxytocin, ana anayamba kupeza mkaka.

Njira imeneyi ilipo mwa nyama zonse zoyamwitsa, ngakhale kuti kagwiridwe kake kamasiyana. Alimi oweta ng'ombe za linunda, monga za mtundu wa Angoni za kucigawo ca kum'mawa kwa Zambia, amayamba alola thole kuyamwa asanakame, cifukwa ng'ombe zotere sizitulutsa mkaka msanga popanda mwana wake pafupi. Kwa amayi, kulira kwa mwana kokha kungayambitse mkaka kudontha, pamene mantha, ululu ndi nkhawa zingaucedwetse kwa kanthawi. Zikatero sikuti mkaka watha m'bere ayi. Mayi akakhala pa malo abata ndi kupitiriza kuyamwitsa, mkaka umayambanso kutuluka.

Oxytocin yomweyi imafinyanso ciberekero. A Vincent du Vigneaud anaipanga m'labotale mu 1953 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1955. Lero bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mayi abayidwe jekeseni wake atangobereka, pofuna kupewa kutaya magazi ambiri.