Duwa la ku Cape Limene Adalinamizira Mtsinje wa Nile

Ku Mangalande ndi ku Amereka kuli duwa labuluu limene alimi a maluwa amalitcha Lily of the Nile, ngati kuti kwawo n'ku Igupto. Dzinali n'lonama. Duwali kwawo n'ku South Africa, ndipo akatswiri a zomera amalitcha agapanthus.

Adatchi atamanga doko lawo ku Cape m'chaka cha 1652, zombo zawo zinkabwerera ku Ulaya zitanyamula mizu ndi njere za zomera zachilendo. Pofika 1679, Jacob Breyne wa ku Danzig adali atalemba kale za duwali m'buku lake. Carl Linnaeus, ngakhale adali mkulu wa onse pa ntchito yotcha zomera mayina, adaphonya pamene adaliika m'gulu la Crinum mu 1753. Amene adakonza cholakwacho ndi Mfalansa wina, L'Héritier, yemwe adalipatsa gulu lakelake ndi dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki, otanthauza chikondi ndi duwa. Amaxhosa, eni dziko, adali nalo kale dzina lawo, isicakathi, ndipo mizu yake inkakhala mankhwala a amayi oyembekezera.

Ku Ulaya duwali lidakumana ndi mdani. Mitundu ya ku Cape siyoyola masamba chaka chonse, pakuti kwawo kulibe chisanu choopsa. Kotero chisanu cha kumpoto chinkaipha. Anthu olemera ankaibzala m'miphika ikuluikulu, n'kumailowetsa m'nyumba nyengo yozizira ikafika. Mtundu wa Agapanthus africanus, umene udayamba kudziwika, n'ngovuta kulima, chifukwa umafuna dothi lamchenga la m'mapiri a kwawo. Umene udafala m'minda ndi Agapanthus praecox, ngakhale kuti ogulitsa ambiri akhala akuupatsa dzina la unzakewo.

Mlimi wofuna maluwa ayenera kukumbukira kumene chomerachi chidachokera. Mizu yake n'njonenepa, imasunga madzi, motero chimapirira chilala, koma pa dothi la lowe mizuyo imawola. Pamthunzi wandiweyani chimangochulukitsa masamba. Chimaphukira bwino padzuwa. Tsinde likathithikana amaligawa, koma wogawa pafupipafupi amadzichedwetsera yekha maluwa.

Kupirira komweko kwasanduka mlandu ku New Zealand ndi mbali zina za Australia. Kumeneko duwali lidathawa m'minda, njere zake n'kumera m'mbali mwa misewu ndi m'magombe, mpaka lidalembedwa m'gulu la zomera zowononga tchire.