Sukulu ya pa Khondowe, kumene mlaliki ankaphunzira kudikira

Amene adakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba amadziwa kuti munthu amafika pamwamba mtima uli m'mwamba, makona atamuzunguza mutu. Pamwamba pomwepo, pa Khondowe, ndi pamene Dr Robert Laws adatsegula mu 1894 sukulu imene idadzatchedwa Overtoun Institution, potengera dzina la Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland amene ankathandiza mishoni ndi ndalama. Amishoni a Livingstonia adali atayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Pa Khondowe adapeza mphepo yozizira ndi malo oti asulirepo aphunzitsi, amisiri, alaliki ndi abusa.

Laws sadali munthu wa phuma. Ku Cape Maclear padatha zaka zoposa zisanu asadabatize munthu ndi mmodzi yemwe, kufikira Albert Namalambe mu 1881. Mtima womwewo adakwera nawo phiri. Kwa iye, kukula mu uzimu sikunkaoneka ndi misozi ya m'tchalitchi ayi. Ankakuyang'ana pa mzere wa njerwa ngati wawongoka, pa thabwa ngati lapalidwa bwino, pa mnyamata ngati wafika belu lisadaleke kulira. Tsiku linkayamba ndi mapemphero, kenako kalasi, kenako ntchito yamanja kumunda, kopala matabwa kapena kosindikiza mabuku. Lamulungu ophunzira ankatsikira m'midzi kukalalikira, kuti zimene aphunzira m'kati mwa sabata akaziyese pamaso pa anthu amene sankaopa kufunsa mafunso.

Ngakhale kulowa mumpingo kudali ndi makwerero ake. Munthu ankayamba kalasi ya omvera, n'kudzalowa kalasi ya katekisimu, ndipo pankatha zaka akulu ampingo asadavomere kuti abatizidwe ndi kuyandikira mgonero. Wofuna ubusa ndiye ankachita kuiwalako za nthawi.

Koma moto umene udatenthetsa mitima ya ambiri mwa aphunzitsi amenewa sudayakire m'kalasi. Udabwera ndi Donald Fraser, mnyamata amene ku Scotland adali mtsogoleri wa gulu la ophunzira odzipereka ku ntchito ya umishoni. Mu 1898 iye adaitanitsa msonkhano wa masiku angapo ku Ekwendeni, wofanana ndi misonkhano ya mgonero ya kwawo. Anthu zikwizikwi adabwera wapansi, ufa pamutu, n'kumanga misasa ya udzu. Usiku aphunzitsi ankalowa m'thengo aliyense payekha kukapemphera, ena akulira, ena akuulula zimene adabisa kwa zaka.

Pali kankhani kamene kamandiseketsa nthawi zonse. Pa umodzi wa misonkhano imeneyi, anyamata ena amene adachezera kupemphera adabwera kwa Fraser kudzamuuza kuti aona masomphenya. Iye adalowa m'chipinda cha mankhwala, n'kuwamwetsa mankhwala otsegula m'mimba, n'kuwauza kuti akagone. Ndiye kuti ngakhale woyatsa motoyo ankaopa kuti ungapitirire n'kutentha nkhokwe. Komabe Fraser yemweyo ndi amene adalimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a makolo awo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole adasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe kumpoto. Mu 1910 mlaliki wina, Charles Inwood, adabweretsanso chitsitsimutso china chimene chidagwedeza amishoni eniake.

Vuto lidali apa: mtima wa wophunzira unkakula msanga kuposa mmene aphunzitsi ake ankavomerezera. Chitsanzo chowawa ndi Charles Domingo. Adabwera ali kamwana kuchokera ku Quelimane, atatengedwa ndi William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku sukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa, ndipo adakulira m'nyumba ya Laws mwini. Adali wanzeru zoopsa. Adamaliza maphunziro a ubusa zaka za m'ma 1900 zikungoyamba, adaloledwa kulalikira, koma kudzozedwa kokha kunkangoti mawa, mawa. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ya Domingo sinkatulutsa maso. Adatopa, adachoka, n'kukagwirizana ndi mpingo wa Seventh Day Baptist umene mmishoni wina, Joseph Booth, ankaulimbikitsa.

Elliot Kamwana, amenenso adaphunzirapo pa Khondowe, adaona khamu limene linkadikira ubatizo zaka ndi zaka. Atabwerako ku South Africa mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, adabatiza anthu oposa 9,000 kwa Atonga m'miyezi yochepa chabe, boma la atsamunda lisadamugwire. Amishoni adati anthuwo adangothamangira njira yachidule. Mwina. Koma munthu amene wakhala akugogoda pakhomo zaka zinayi, wina akamutsegulira zenera, simungamudzudzule kwambiri.

Mpaka mu 1914, patatha zaka 39 chifikireni sitima ya amishoni ya Ilala pa nyanja, ndi pamene Livingstonia idadzoza abusa ake oyamba achikuda: Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Atatuwa adali atayesedwa m'zonse, ndipo palibe angakane kuti sukuluyo idatulutsa anthu olimba, odziwa Baibulo ndiponso osaopa kutsutsana ndi mzungu pa bwalo la mpingo. Maphunziro omwewo amene adawaphunzitsa kudzichepetsa pamaso pa Mulungu adawaphunzitsanso kuti pamaso pa Mulunguyo mbusa wa ku Chintheche ndi mbusa wa ku Aberdeen n'chimodzimodzi. Phunziro lachiwirili amishoni ena sadalikonzekere.

Laws adapuma ntchito mu 1927, atakhala kuno zaka 52. Patangotha zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1933, Mwasi, mmodzi wa atatu oyamba aja, adatuluka mumpingo umene udamudzoza n'kuyambitsa wake kwawo kwa Atonga, akunena kuti Mwafirika ayenera kufika kwa Mulungu popanda kudzera kwa mzungu.