Mbiri ya Ulendo wa Pandege Pakati pa London ndi Johannesburg

Mtunda wa pakati pa London ndi Johannesburg, ukayezedwa motsata njira yachidule kwambiri pamwamba pa dziko lobulungirali, ndi makilomita oposa pang'ono 9,000, koma kwa zaka zambiri kutalika kwa ulendowu kunkadalira kuchuluka kwa mafuta omwe ndege inkatha kunyamula ndiponso chilolezo cha mayiko omwe inkadutsamo.

Kampani ya Imperial Airways itatsegula njira yochokera ku London kupita ku Cape Town kudzera ku Johannesburg mu 1932, ulendo wonse unkatenga masiku 11, pakuti ndege za nthawiyo zinkauluka masana okha ndipo zinkatera pafupipafupi kuti zimwe mafuta. Ndi chifukwa chake malo ngati Mbeya, Mpika ndi Broken Hill, womwe lero ndi Kabwe, adakhala ndi mabwalo a ndege misewu yabwino isanawafike. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampani ya BOAC idayamba kuyendetsa ndege za mtundu wa Solent, zomwe mimba yake idali ngati bwato moti zinkanyamuka ndi kutera pamadzi. Zinkachokera ku Southampton, n'kutsata mtsinje wa Nile, n'kutera pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Victoria, zisanakafike pa damu la Vaal, komwe apaulendo ankakwera galimoto yopita ku Johannesburg. Mu 1949 ndi 1950 zina mwa ndegezi zinkatera pa Cape Maclear, pa nyanja ya Malawi, ndipo alendo ankatengedwa pa boti kupita kumtunda, chinthu chomwe chiyenera kukumbukiridwa kwambiri m'mbiri ya derali ngakhale chidatha msanga.

Pa 2 Meyi 1952 ndege ya Comet, yoyamba kunyamula anthu olipira pogwiritsa ntchito injini za jeti, zomwe zimakankha ndege ndi mpweya wotentha m'malo mwa mapiko ozungulira, idanyamuka ku London ndi apaulendo 36. Idatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, n'kufika ku Johannesburg pasanathe maola 24. Chisangalalo chake sichidakhalitse, chifukwa mu 1954 ndege ziwiri za mtunduwu zidasweka mumlengalenga kaamba ka kutopa kwa chitsulo, komwe ndi kung'aluka pang'onopang'ono kobwera chifukwa chopopedwa mpweya mobwerezabwereza.

Ndale nazo zidatalikitsa njirayi. Kuyambira mu 1963 mayiko ambiri a mu Africa adaletsa ndege za South African Airways kudutsa mumlengalenga mwawo pokana ulamuliro watsankho, choncho ndegezo zinkazungulira kunyanja cha kumadzulo kwa Africa n'kumamwera mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde, ndipo chiletso choyenerachi chidachotsedwa pokhapokha tsankholo litayamba kugwa. Masiku ano ndege imanyamuka ku London madzulo n'kufika ku Johannesburg m'mawa, patadutsa maola pafupifupi 11, osatera pena paliponse.